Tiwerenge bwino sukulu za Katolika, kuyambira ku pulaimale mpaka ku seminale

A Mkonzi,

Chaka ndi chaka, bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, maina amene amamveka pa wailesi amakhala omwewo: Zomba Catholic, Marist ya ku Mtendere, Marymount ya ku Mzuzu, St Mary's ya ku Zomba, Likuni, Ludzi ndi maseminale angapo. Anthu n'kumati Akatolika ndiye akatswiri poyendetsa sukulu. Mawuwo ali ndi choonadi chake, koma amatiiwalitsa kuti sukulu zotchukazi ndi kagawo kochepa chabe ka ntchito yamaphunziro imene Mpingo wa Katolika uli nayo m'dziko muno. Unyinji wa ana ophunzira pansi pa dzina la Mpingowu suli m'mahositelo a sukulu zimenezo ayi. Uli m'sukulu za pulaimale za kumidzi, zimene maina ake samveka pa wailesi.

Pempho langa kudzera m'nyuzipepala yanu ndi limodzi, ndipo likupita kwa Ambuye maepiskopi athu pamodzi ndi alembi a zamaphunziro m'madayosizi onse 8. Chaka chilichonse tulutsani kaundula mmodzi, m'zilankhulo zathu, wosonyeza sukulu, makoleji ndi maseminale onse a Mpingo, kukula kwake, amene akuphunziramo ndi amene akulipira aphunzitsi. Manambalawa alipo kale. Dayosizi iliyonse imatumiza ku Roma chaka ndi chaka chiwerengero cha sukulu zake, ophunzira ake ndi aseminale ake. Nawo unduna wa zamaphunziro umachita kalembera wa sukulu zonse pachaka. Koma mkhristu wa ku mphakati, amene amapereka chachikhumi ndi kuumba njerwa zomangira midadada, manambalawo samufika. Kalembera wa dziko wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, 17.2 peresenti ndi Akatolika. Anthu ochuluka chotere ayenera kudziwa kukula kwa chuma chawo ndi pamene chikudontha.

Kuti kaundulayo akhale waphindu, choyamba tivomereze kuti mawu akuti "sukulu ya Katolika" akuphimba mitundu ingapo ya sukulu yosiyana kwambiri, ndipo kusiyanaku kunachokera m'mbiri. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchokako mu 1891. A chipani cha Montfort anakhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901. A White Fathers anabwereranso mu 1902, ndipo m'zaka ziwiri zokha mishoni za Mua, Likuni ndi Kachebere zinali zitayamba. Mishoni iliyonse inkabala timasukulu ta m'midzi, mmene mphunzitsi mmodzi yemweyo ankaphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi katekisimu. Pambuyo pake zipani zinapereka sukulu zambiri m'manja mwa madayosizi, boma linatenga udindo wolemba ndi kulipira aphunzitsi, ndipo zipani zina za abulazala ndi masisitere zinasunga sukulu zawo. Choncho lero sukulu imodzi ikhoza kukhala pa malo a dayosizi, yoyendetsedwa ndi chipani, koma aphunzitsi ake n'kumalandira malipiro ku boma. Wowerenga akapanda kufunsa mafunso atatuwa, mwini malo ndani, woyendetsa ndani, wolipira ndani, kaundula wake wasokonekera asanayambe n'komwe.

Ku pulaimale ndiye kuli khamu. Sukulu zambiri za kumeneku mwini wake ndi dayosizi, koma zimayenda monga sukulu ina iliyonse ya boma: silabasi ndi ya boma, aphunzitsi amatumizidwa ndi ofesi ya zamaphunziro ya m'bomalo, mlangizi wa sukulu za m'dera amaziyendera, ndipo mwana salipira fizi. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana m'dziko lonse chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Sukulu za mishoni zinalandira nawo khamulo m'midadada yomwe inamangidwira ana ochepa. Muyezo umene boma limafuna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma aliyense amene analowapo m'kalasi ya Sitandade 1 kumudzi akudziwa kuti muyezowu umapitiriridwa kutali, ana atakhala pansi mothithikana mpaka pakhomo.

Vuto lalikulu la sukuluzi ndi kukanirana udindo. Denga likasasuka ndi mphepo, makolo amati sukulu ndi ya a bambo mfumu, a bambo mfumu amati aphunzitsi ndi ana ndi a boma, a boma amati nyumbazo ndi za Mpingo. Kandalama kamene boma limapereka kokonzera sukulu kamathera pa choko, makope ndi kukonza zitseko. Dzinja limadutsa ana akuphunzirira m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo. Kaundula akadalemba, pa sukulu iliyonse, kuchuluka kwa zipinda zophunziriramo zimene zili bwino, zimene zang'aluka, madesiki, nyumba za aphunzitsi ndi maenje a zimbudzi a atsikana paokha ndi a anyamata paokha, bwenzi khonsolo ya parishi ikudziwa poyambira. Za zimbudzi sindikuzitchula mongodutsa. Mtsikana wa Sitandade 6 kapena 7 amene watha msinkhu, pa sukulu yopanda chimbudzi chotseka bwino ndi madzi pafupi, amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo kujomba kotereku n'kumene kumathera pa kusiya sukulu.

Palinso nkhani ya malo. Sukulu zambiri zakale zinamangidwa pa malo amene mfumu inapereka pakamwa, malire ake n'kukhala mtengo wa mkuyu kapena chulu. Mfumuyo inamwalira, mtengowo unadulidwa, ndipo lero adzukulu akulima mpaka pa bwalo la mpira. Kaundula afunse kuti sukulu ili ndi chikalata cha malo kapena ayi. Funso limodzi lokhali lingaonetse sukulu zimene zikufunika kuyezedwa malire msanga, mboni zakale zisanathe.

Ku sekondale njira imachepa, ndipo apa mpamene makolo ambiri amasokonezeka ndi kutaya ndalama. Pali sukulu zothandizidwa ndi boma, monga Zomba Catholic, imene inatsegulidwa mu 1942 ndipo ndi yachiwiri kukhazikitsidwa m'dziko muno pambuyo pa Blantyre Secondary School ya mu 1940. M'gulu lomweli muli sukulu zakale zambiri zogonera konko, komanso Loyola ya ansembe a chipani cha Jesuit ku Kasungu, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2015. M'sukulu zoterezi boma limalipira aphunzitsi ndipo limasankhirako ana potengera zotsatira za mayeso a Sitandade 8. Ndiye pali sukulu zoyima pazokha, zimene chilichonse, kuyambira malipiro a mphunzitsi mpaka nkhuni za kukhitchini, chimachokera m'thumba la kholo. Kumeneko mwana amalowa polemba mayeso a sukuluyo, ndipo fizi yake imakhala yokwera kwambiri. Mtundu wachitatu ndi masekondale oyendera a m'madera, amene ena anamangidwa pa malo a mishoni ndipo ali ndi dzina la woyera, koma alibe hositelo, kawirikawiri alibenso labotale yokwanira.

Kholo likangomva dzina la woyera limaganiza kuti zonse n'chimodzimodzi. Limagulitsa mbuzi, kulipira ndalama ya mayeso olowera, mwana n'kukhoza, kenaka kalata ya fizi itabwera mpamene limazindikira kuti sukuluyo si yothandizidwa ndi boma. Lina limadikira dzina la mwana pa mndandanda wa boma osadziwa kuti sukulu imene likuifunayo siilandira ana kudzera njira imeneyo, ndipo tsiku la mayeso olowera linadutsa kale. Kaundula wabwino anene poyera khomo lolowera pa sukulu iliyonse, mwezi wa mayeso, malo amene alipo mu Fomu 1, ndi ndalama zonse za teremu. Ndikati zonse ndikutanthauza fizi, chakudya, yunifomu, ndalama ya chitukuko, ya chipatala ndi ya mayeso pamodzi, chifukwa timandalama tapambali timeneti n'timene timagwetsa kholo pakati pa chaka.

Mndandanda wa masekondalewa ukaikidwa pa mapu, ungationetsenso mmene malo agawikira pakati pa anyamata ndi atsikana. Masisitere anachita zazikulu pa maphunziro a atsikana: Providence ku Mulanje, Stella Maris ku Blantyre, Our Lady of Wisdom ku Limbe, St Mary's ku Zomba, Likuni Girls, Ludzi ku Mchinji, Nkhamenya ku Kasungu, Marymount ku Mzuzu, St Mary's ku Karonga. Anyamata ali ndi St Patrick's ya ku Mzedi, Mtendere, Likuni Boys, St John Bosco ku Mzimba, Chaminade ku Karonga ndi ena. Koma maina okha satiuza kuti mtsikana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenda mtunda wautali bwanji kuti apeze bedi m'hositelo ya Mpingo. Chofunika kuwerenga ndi mabedi, osati zikwangwani za pamsewu.

Ndifotokozeko chifukwa chake nambala ya ogonera konko iyenera kulembedwa payokha. Tiyerekeze sukulu ya makalasi awiri pa fomu iliyonse, ana 50 m'kalasi. Amenewo ndi ana 400. Mwana aliyense akamadya theka la kilogalamu ya ufa patsiku, phala la m'mawa ndi nsima kawiri, sukuluyo ikufuna makilogalamu 200 tsiku lililonse, amene ndi matumba 4 a makilogalamu 50. Teremu ya masabata 13 ili ndi masiku 91, kutanthauza matumba 364, ndipo pachaka matumba amapitirira 1,000, osawerengera nyemba, mafuta, shuga, mchere, nkhuni ndi ndalama ya kuchigayo. Sukulu yochenjera imagula chimanga cha chaka chonse m'miyezi ya Meyi mpaka Julayi pamene mtengo uli pansi, kuchiyanika bwino, kuthira mankhwala a anankafumbwe ndi kuchisanja pa mathabwa, osati pa simenti pamene chimakoka chinyezi. Koma nthawi imeneyo ndi kumapeto kwa chaka cha sukulu, pamene thumba lauma ndipo makolo ambiri ali ndi ngongole ya fizi. Sukuluyo imakakamizika kugula pang'onopang'ono mu Januwale ndi Febuluwale pa mtengo wa nthawi ya njala. Zotsatira zake timazidziwa: nsima imachepa, nyemba zimakhala zofumbwa, ana amakwiya, magalasi amasweka, sukulu imatsekedwa sabata ziwiri. Madayosizi akadadziwa chiwerengero chenicheni cha ogonera konko m'sukulu zawo zonse, akadatha kugula chimanga pamodzi nthawi yokolola, ngakhale kwa alimi a m'maparishi awo omwe, sukulu n'kumabweza ndalama fizi ikalowa.

Za makoleji ndidutsa mwachangu, chifukwa ndi ochepa ndipo amadziwika. Pamwamba pali Catholic University of Malawi ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imene inayamba kuphunzitsa mu 2006, ndi DMI St John the Baptist University ku Mangochi. Aphunzitsi aakazi a pulaimale amasulidwa ku St Joseph's ku Bembeke. Anamwino ndi azamba amaphunzira ku St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona ndi St John's ku Mzuzu, makoleji amene amagwira ntchito pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, pomwe St John of God ku Mzuzu imadziwika ndi maphunziro a matenda a m'maganizo. Ntchito zamanja zili ku Namitete, ku Don Bosco ku Lilongwe, ku Comboni ku Lunzu ndi ku Miracle ku Karonga. Apa chimene kaundula ayenera kulemba ndi chilolezo cha maphunziro aliwonse paokha. Koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa, koma kosi yatsopano imene yangoyamba kumene n'kukhala isanavomerezedwe ndi khonsolo ya maphunziro apamwamba ya NCHE, bungwe la ntchito zamanja la TEVETA kapena khonsolo ya anamwino ndi azamba. Wophunzira afunse za kosi yakeyo, osati za dzina la koleji lokha.

Gawo limene limaiwalika kawirikawiri, koma limene Mpingo uyenera kunyadira koposa, ndi la ana olumala. Ku Nguludi kuli koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira, komanso sukulu ya ana osamva ya Mary View. Ku Mua kulinso sukulu ya ana osamva. Kalasi ya ana osamva siingakhale ndi ana 60. Mphunzitsi amafunika kuonana maso ndi mwana aliyense, choncho ana amakhala ochepa ndipo mtengo wophunzitsira mwana mmodzi ndi wokwera. Sukuluzi zikaphatikizidwa ndi mapulaimale wamba m'kaundula, zimaoneka ngati zili ndi aphunzitsi ochuluka mopitirira muyezo, ndipo wogawa thandizo amazilambalala. Zilembedwe pazokha, pamodzi ndi chiwerengero cha ana amene akudikira malo.

Tsopano maseminale, kumene chisokonezo cha manambala chimakula kwambiri. Seminale yaing'ono ndi sekondale ya anyamata, Fomu 1 mpaka Fomu 4, yolemba mayeso a MANEB monga ina iliyonse, kungoti moyo wake ndi wa mapemphero, ntchito zamanja ndi mwambo wokhwima. Arkidayosizi ya Blantyre ili ndi Pius XII ku Nguludi, Zomba ili ndi Nankhunda, Chikwawa ili ndi Mzimu Woyera, Mangochi ili ndi St Paul the Apostle, Dedza ili ndi St Kizito, Lilongwe ili ndi Mlale, ndipo kumpoto kuli St Patrick's ku Rumphi. Mnyamata amalowa kudzera kwa bambo mfumu wa parishi yake, ndi chikalata cha ubatizo, umboni wa khalidwe lake ndi mayeso olowera. Makolo amalipira fizi, dayosizi imawonjezera, ndipo thandizo lina limachokera ku zopereka za akhristu ndi ku bungwe la Papa la Petro Woyera Mtumwi lothandiza maseminale a m'maiko a mishoni.

Mnyamatayo akakhoza bwino Fomu 4 ndipo episkopi wake akamulandira, amapita ku Kasina, m'boma la Dedza, kukakhala chaka chimodzi chokonzekera moyo wauzimu. Malamulo a Roma a 2016 okhudza kasulidwe ka ansembe amati gawo limeneli ndi lofunika kwa aliyense, ndipo lisachepere chaka chimodzi. Akachoka apo amapita ku Kachebere, ku Mchinji, seminale imene inatsegulidwa mu 1939, kukaphunzira filosofi zaka zitatu. Kenaka ku St Peter's ku Zomba, yotsegulidwa mu 1977, kukaphunzira za umulungu zaka zinayi, ndipo pakati pa ulendowu pamakhala nthawi yokatumikira ku parishi. Malamulo a Mpingo salola munthu kudzozedwa udikoni wopita ku unsembe asanakwanitse zaka 23, kapena unsembe asanakwanitse zaka 25, ndipo pakati pa madzozedwe awiriwa payenera kudutsa miyezi 6. Mukawonkhetsa, kuchokera pa mayeso a Fomu 4 kufika pa guwa pamadutsa zaka 8 kapena 9, ndipo kuchokera tsiku lolowa Fomu 1 ndi zaka 12 kapena 13. Tisaiwale pamene tinachokera: wansembe woyamba wa Chimalawi, Cornelius Chitsulo, anadzozedwa mu 1937, Kachebere isanatsegulidwe, ndipo ndi yemweyo amene anadzakhala episkopi woyamba wa Chimalawi ku Dedza.

Kutalika kwa ulendowu n'kumene kumapangitsa nambala imodzi yokha ya "aseminale" kukhala yosathandiza. Dayosizi imene ikufuna kudziwa ansembe amene idzakhale nawo zaka 5 zikubwerazi iyang'ane amene ali ku Zomba, osati amene ali mu Fomu 2. Anyamata ambiri a m'seminale yaing'ono sadzafika pa unsembe, ndipo ichi si chamanyazi. Ambiri amakakhala aphunzitsi, madokotala, maloya ndi atsogoleri a miphakati, ndipo dziko lapindula nawo kwambiri. Koma akhristu amene amasonkha pa Lamulungu la maitanidwe auzidwe zoona: chaka chino alowa angati ku Kasina, ali angati m'chaka chilichonse ku Kachebere ndi ku Zomba, adzozedwa angati. Kaundula akamatuluka zaka zotsatizana, zidzaoneka zokha kuti anyamata amatsika kwambiri pa siteji iti, ndipo osula adzadziwa pofunika kukonza.

Powerenga aseminale pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa malo. Kachebere ili m'dera la arkidayosizi ya Lilongwe ndipo St Peter's ili mu dayosizi ya Zomba, koma ndi maseminale a dziko lonse. Mseminale awerengedwe kwa episkopi amene anamutumiza, osati kumene akugona. Apo ayi, Lilongwe ndi Zomba zidzaoneka zolemera maitanidwe, kapena munthu mmodzi adzalembedwa kawiri. Msampha wachiwiri ndi wa zipani. Anyamata ofuna kulowa zipani monga Montfort, Comboni kapena Carmelite ambiri amaphunzira filosofi ku seminale ya zipani ya ku Balaka, kumene amakhala pamodzi ndi anzawo a maiko oyandikana nafe, kenaka n'kupita kunja, monga ku Nairobi, kukamaliza. Mmalawi amene ali kunja asaiwalike, ndipo mlendo amene ali ku Balaka alembedwe monga mlendo. Pambali pa amenewa pali nyumba zosulira masisitere ndi abulazala, ndi sukulu za makatekisiti monga Likulezi ku Phalombe. Makatekisiti ndiwo amatsogolera mapemphero m'matchalitchi ang'onoang'ono Lamulungu limene wansembe sanabwere, choncho sukulu zawo zikhale ndi tsamba lake m'kaundulayo.

Kawerengedwe kenikeni sikovuta, koma kamafuna mwambo. Pakhale tsiku limodzi la dziko lonse, monga Lachitatu la sabata yachinayi ya teremu yoyamba, pamene ochedwa afika ndipo osamuka asamuka. Tsiku limenelo awerengedwe ana amene ali m'kalasi, mutu ndi mutu, kenaka nambalayo iyerekezedwe ndi ya m'rejisitala. Manambala awiriwa amasiyana, chifukwa m'rejisitala mumatsala maina a ana amene anakwatiwa, anapita ku ganyu kapena anasamukira kwina, ndipo pena mainawo amasiyidwa dala poti thandizo limatsata kuchuluka kwa ana. Fomu yake ikhale ya tsamba limodzi, yosainidwa ndi mphunzitsi wamkulu, wapampando wa komiti ya sukulu ndi bambo mfumu. Fomu ya masamba 10 imadzazidwa ndi manambala ongopeka. Sukulu iliyonse ilembedwe ndi nambala imene unduna unaipatsa, chifukwa maina monga St Joseph, St Mary's ndi St Paul alipo ambirimbiri, ndipo dzina lokha limasokoneza.

Aphunzitsi alembedwe m'magulu: olipidwa ndi boma, olipidwa ndi sukulu, ongothandizira amene makolo amawasonkhera, ndi ansembe, abulazala kapena masisitere amene akuphunzitsa. Gulu lomalizali likufunika kudziwika, chifukwa sukulu zambiri zinkayenda motchipa kale poti masisitere ndi abulazala ankagwira ntchito pa malipiro ochepa kwambiri. Pamene iwo akuchepa, malo awo amatengedwa ndi aphunzitsi a mabanja ofunika malipiro athunthu ndi nyumba, ndipo fizi imakwera. Alembedwenso ana a mipingo ina ndi zipembedzo zina. M'madera monga Mangochi ndi Machinga, ana ambiri a m'sukulu za mishoni ndi Asilamu, ndipo kwina ndi a CCAP kapena a Adventist. Nambala imeneyi ndi umboni wakuti sukuluzi zimatumikira dziko lonse, ndipo ndi mfundo yamphamvu pokambirana ndi boma za thandizo.

Wosonkhanitsa achenjerenso ndi malire. Malire a madayosizi safanana ndi a maboma. Kasungu anagawika pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu, Machinga pakati pa Zomba ndi Mangochi, ndipo dayosizi ya Dedza imafika ku Ntcheu. Unduna umawerenga potsata zigawo zake 6 za maphunziro, Mpingo umawerenga potsata maparishi. Sukulu iliyonse ikalembedwa ndi parishi yake komanso boma lake, manambala a mbali ziwirizi angathe kuyerekezedwa. Poyerekeza zaka, tikumbukire kuti dayosizi ya Karonga inadulidwa ku Mzuzu mu 2010. Woona manambala a Mzuzu a chaka chimenecho chisanafike ndi a pambuyo pake angaganize kuti sukulu zinatsekedwa, pamene zinangosintha mwini.

Chinthu chimene ndikuchifuna koposa m'kaundulayu ndi ichi. Sukulu ikalengeza kuti ana onse akhoza mayeso a Fomu 4, ilembenso kuti gulu limenelo linayamba Fomu 1 lili ndi ana angati. Ngati analowa 100 ndipo alemba 70, tiyenera kudziwa kuti 30 aja ali kuti. Ena anachotsedwa chifukwa cha khalidwe, ena anauzidwa kuti akafune malo kwina poti magiredi awo akanatsitsa mbiri ya sukulu, ndipo ambiri anabwerera kwawo chifukwa cha fizi. Sukulu yosankha ana okhoza kale, n'kumasefa ofooka chaka ndi chaka, siingalephere kutulutsa mapointi 6 kapena 10. Sekondale yoyendera ya kumudzi imene yalandira mwana aliyense, n'kufikitsa ambiri pa makirediti 6 ndi Chingelezi chomwe, amene amafunika polowa ku yunivesite, yagwira ntchito yolemera kuposa pamenepo, ngakhale dzina lake silimveka. Kalata ya maepiskopi ya mu Lenti wa 1992, imene inagwedeza dziko lino, inadandaula poyera za kuthithikana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, komanso kusafanana kwa mwayi wa maphunziro. Muyezo umene Mpingo unayezera boma nthawi imeneyo ndi woyenera kuyezeranso sukulu zake. Choncho m'kaundula mukhale mzere wosonyeza ana amene akuphunzira ndi thandizo la fizi pa sukulu iliyonse yolipiritsa, ndi kumene mwana wamasiye angakapemphe thandizolo.

Ntchitoyi siifuna galimoto zatsopano kapena misonkhano ya kunyanja. Mafomu angapite ndi ansembe pobwera ku misonkhano yawo ya dinale (gulu la maparishi oyandikana), n'kubwerera njira yomweyo, kapena kujambulidwa pa foni ndi kutumizidwa pa WhatsApp kwa mlembi wa zamaphunziro wa dayosizi. Akawerenga mu Okutobala, madayosizi angathe kuwonkhetsa mu Novembala, likulu la maepiskopi ku Lilongwe n'kuphatikiza zonse Khirisimasi isanafike. Kabukuko katuluke mu Januwale, pamene makolo a ana a Sitandade 8 ndi Fomu 4 akadali ndi nthawi yosankha ndi kukonzekera. Kasindikizidwe motchipa, kaikidwe pa intaneti, kawerengedwe pa Radio Maria, ndipo tsamba la parishi iliyonse likhomedwe pa khomo la tchalitchi. Inunso a Mkonzi, kabukuko kakatuluka, tipatseni masamba awiri m'nyuzipepala yanu kuti manambala a dayosizi iliyonse aonekere kwa onse.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito